Chisoni cha Magiredi

Mu ofesi imene ndinkagwiramo ntchito pa Karonga Boma munali faili yobiriwira yomwe sinkachoka m'dirowa yanga. Pachikuto pake panali liwu limodzi la Chingerezi, "Condolences". Kukagwa maliro, kaya a munthu wa mu ofesi mwathu, kaya a m'bale wa mkulu wina wa ku likulu, faili ija inkatuluka, ine n'kukhala pa kompyuta kulemba kalata yopepesa m'dzina la bwana ndi antchito onse. Pa kalata yondilemba ntchito ndinali taipisiti. Kunena zoona ndinali wolira maliro wa ofesi, kungoti ndinkalira ndi zala.

Musaganize kuti tinkangolira chisawawa. Chisoni chathu chinali ndi magiredi ngati malipiro. Akamwalira mlonda kapena wosesa, ofesi inkakhala "sad", basi, kalata ya mizere itatu. Akamwalira mesenjala kapena dalaivala tinkakhala "saddened". Kalaliki ngati ine ndikanafa, anzanga akanakhala "deeply saddened". Kuyambira pa ofesala kupita m'mwamba m'pamene pankayambira zolemera, za "profound sorrow" ndi "great shock", ndipo imfa yake inkakhala "untimely" ngakhale munthuyo akhale kuti wagona pa mphasa zaka zitatu, mudzi wonse ukudziwa kuti ali pa ulendo. Akuluakulu a ku likulu, akazi awo ndi apongozi awo, amenewo ankatisiya tili "devastated". Panalinso liwu lina, "heartbroken", limene tinkalisunga ngati suti ya ukwati, ndipo zaka zinkangotha lili m'faili.

Wokonza makwerero amenewa anali bwana wathu, bambo wa ku chigawo chapakati, wamfupi, wovala jekete ndi tayi ngakhale mu Okutobala, pamene kutentha kwa ku Karonga kumafewetsa phula pa msewu. Pa tebulo pake pankakhala dikishonale yaikulu yothothoka chikuto, ndipo ankaisisita poyankhula monga ena amasisitira mimba akakhuta. Tsiku lina anamwalira mlonda amene analondera ofesi ija zaka zoposa makumi awiri, mkulu amene ankandisungira mango m'kabati ya makiyi. Ndinalemba kuti tinali "deeply saddened". Kalata inabwerera itazungulizidwa ndi cholembera chofiira.

"Madam," anatero bwana, "mlonda mwamupatsa 'deeply'. Nanga akamwalira ofesala tidzalemba chiyani? Mawu sitimwaza ngati chimanga cha nkhuku."

Ankakondanso kundiphunzitsa. Ankandiitana mu ofesi mwake, n'kutsegula dikishonale ija, fani ikuzungulira pamwamba pa dazi lake.

"'Sadness' ndi ya aliyense, ngakhale mwana akagwetsa switi mu mchenga. 'Sorrow' ndi yakuya ndipo imakhalitsa. 'Grief' ndi ya imfa, imakhala m'kati, siioneka. 'Mourning' ndiye ya kunja, ya nsalu zakuda ndi kugona pansi. Koma 'bereaved'," apa ankakweza chala, "ameneyo ndi munthu amene imfa yamulanda wake weniweni. Liwu limeneli silibwerekedwa."

Chonyansa chake n'chakuti zonsezi zinali zoona. Ndinakayang'ana ndekha m'dikishonale ndipo sanaphonye ngakhale limodzi. Munthuyo ankadziwa mayina onse a chisoni, koma pa maliro sindinamuonepo akutha ola limodzi. Ankafika mwambo uli pakati, n'kukhala pa mpando wa kutsogolo mu mthunzi, kupukuta fumbi la pa nsapato ndi mpango, maso ali pa foni. Akayankhula mawu a ofesi ankanyamuka bokosi lisananyamulidwe, ati kuli miting'i.

Koma ndisamangotosa bwana yekha. Mawu amenewo ine ndinkawakonda. Mtsikana wa ku Ntcheu wa satifiketi ya Fomu 4, ndinali ndi kope langa lomwe ndinkalembamo "lament", "anguish", "melancholy", "solace", n'kumawatafuna ndili pa njinga ya kabaza popita ku nyumba. Ma ofesi ena ankabwera kudzabwereka makalata anga kuti akopere. Akanena kuti pa Boma ponse palibe wolemba chipepeso ngati madamu aja, ndinkayenda ngati nsapato zanga zili ndi masipuling'i.

Tsopano ndinene za Amama, chifukwa nkhani ino ndi yawo.

Ndisanabwere pa Boma, ntchito yanga yoyamba inali pa kaofesi kena pa Uliwa. Ndinafikako ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndisanaponde kumpoto chibadwire. Nyumba imene anandilonjeza ndinaipeza muli munthu, ndipo munthuyo analibe maganizo osamuka. Ndinabwerera ku msewu, n'kukhala pa sutikesi yanga masana dzuwa likuswa mtengo, ndikulira ngati mwana wotayika pa msika. Tsidya la msewu panali mayi wina wogulitsa mpunga, wamtali, wa mawu ngati a mwamuna. Anandikalipira ali komweko.

"Iwe! Ukulirachi? Wafwa njani?"

Sindinamve kanthu. Anawoloka msewu, n'kubwereza m'Chichewa chake chothyokathyoka: "Wamwalira ndani? Palibe? Ndiye tseka pakamwa, nyamula katundu."

Amenewo ndiwo Amama. Sanali munthu wa miyambi kapena wa malangizo ofatsa. Ankakonda fodya wa m'mphuno, ankatukwana makondakitala onse a mu msewu umenewo ndi mayina a makolo awo, ndipo munthu akanena kuti mpunga wawo uli ndi miyala ankamuthamangitsa mpaka pa chigayo. Ananditengera kwawo kuti ndikhale sabata imodzi. Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka choyamba a m'nyumbamo ankandiyankhula m'Chichewa, monga ankayankhulira ndi apolisi ndi anamwino. Tsiku lina m'mawa Amama anandituma madzi m'Chitumbuka, ndipo nditachedwa ku mjigo ananditukwana m'Chitumbuka chomwecho, osanditanthauzira. Kuchokera tsiku limenelo palibe anandiyankhulanso Chichewa pakhomo paja. Nditadandaula kuti zina zikundidutsa, mwana wawo woyamba, mayi amene ndinkawatchula kuti akulu, anandiseka n'kunena kuti, "Chichewa ntcha ŵalendo." Ndinamva kuti ndaleka kukhala mlendo, ndipo ndinapita kukalirira kuseri kwa bafa kuti Amama asandifunse kuti wafa ndani.

M'chaka chachiwiri ndinatenga mimba. Mwini wake, mphunzitsi wina wa kummwera wa mano oyera, atamva anapempha transifa n'kuzimiririka ngati utsi. Amayi anga ondibereka ananditumizira uthenga wa mkwiyo kuchokera ku Ntcheu. Amama ananditukwana tsiku limodzi lathunthu, mawa lake n'kupita kukagula nsalu zitatu ndi beseni. Iwo ndi amene anandidikirira ku chipatala. Mwana wanga anakulira kumbuyo kwawo, pa mulu wa mpunga, ine ndili ku ofesi. Amama anali ndi ana anayi, koma pa zaka ine ndinkagwera pakati pa wachiwiri ndi wachitatu, ndiye anangowerenganso. Ine ndinakhala wachitatu, ndipo mwana wawo wamwamuna amene anali wachitatu anatsitsidwa kukhala wachinayi. Ankadandaulabe za kulandidwa mpando mpaka atamera ndevu.

Nditasamutsidwira ku Boma, poyamba ndinkapitako mwezi ndi mwezi. Kenako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Kenako foni inkandipitira. Iwo sanaleke kunditumizira mpunga, ndipo onyamula ake anali makondakitala omwe aja ankawatukwana. Amayi anga ondibereka atamwalira, Amama anasiya malonda, n'kukwera nane basi mpaka ku Ntcheu, munthu amene sanadutsepo Mzuzu. Anakhala pa mphasa ndi azakhali anga masiku anayi, miyendo itatupa ndi ulendo. Nditabwerera ku ntchito bwana anandiuza kuti ofesi inali "saddened", ndipo kalata yake ndinadzilembera ndekha.

Patapita zaka zitatu, Lachinayi lina m'mawa mu Okutobala, foni yanga inalira ndikupukuta kompyuta. Anali akulu.

"Amama ŵatileka," anatero. Anandiuza kuti anagwa akupeta mpunga, ndipo pofika nawo ku chipatala anali atapita kale. Chifukwa cha kutentha thupi silikanadikira. Mwambo woika maliro unali mawa lake, Lachisanu, thu koloko masana, kumudzi kwawo ku Uraha. Anamaliza ndi mawu akuti ndifulumire, malo anga ndikuwadziwa.

Mwana wanga anali kutali ku sukulu yogonera komweko, ali pakati pa mayeso, choncho woyenera kuimirira pa malo amenewo ndinali ine ndekha. Ndinatenga fomu yopemphera tchuthi cha maliro. Pa mzere wofunsa ubale wanga ndi womwalirayo ndinalemba "Mother", n'kukagogoda kwa bwana.

Anaiwerenga fomu ija kawiri. Kenako anaitanitsa faili yanga, nayamba kutembenuza mapepala akunyowetsa chala ndi malovu.

"Amayi anu tinawaika kale ku Ntcheu, madam. Fomu yake ndi iyi, saini yanga ndi iyi. Kodi munthu amabadwa kangati?"

Ndinafotokoza. Ndinanena za sutikesi, za mwana wanga, za ulendo wa ku Ntcheu. Ankagwedeza mutu ngati akumva.

"Ndiye kuti anali landlady."

"Ayi bwana. Anandilera."

"Munthu wa zaka twente-thu amaleredwa?" Anafufuta liwu langa ndi cholembera chofiira chija, pamwamba pake n'kulemba "Former landlady". "You are not bereaved, madam. You are sad. Ndipo ndikumvetsa, I sympathise. Koma anthu amene ali sad amagwira ntchito."

Chimene chinamuumitsa mtima ndi ichi. Sabata yomweyo ku Lilongwe kunamwalira apongozi a mkulu wina wa ku likulu, gogo amene bwana wathu sanamuonepo ngakhale pa chithunzi. Maliro ake anali Loweruka, ndipo bwana anali atadzipezera mpata woti akayankhuleko m'malo mwa ma ofesi a kumpoto. Ankanyamuka Lachisanu masana, ndipo ankafuna mawu okawerenga kumeneko.

"Mawa m'mawa tilembe kaye," anatero, mawu atafewa. "Ikamakwana teni koloko mwamasuka, mukapeza mwambo usanayambe. Nanga ndani wina angalembe? Ofesi yonse ino, Chizungu cha maliro ndinu."

Ndikanakonda kunena kuti ndinamenya chitseko n'kutuluka. Sindinatero. Dzina langa linali pa mndandanda wa oyembekezera kukwezedwa, ndipo wolemba ndemanga yake anali iyeyo. Koma ngakhale zimenezo ndi zodzikhululukira chabe. Zoona zake n'zakuti mawu aja, "Chizungu cha maliro ndinu", ananditsekemera ngakhale pa tsiku ngati limenelo. Ndinati, "Chabwino bwana," mpaka ndinathokoza.

Mayi wosesa mu ofesi mwathu, wa konkuno ku Karonga, anandipeza ndikulira kuseri, pansi pa mtengo wa mango. Nditamuuza anaika tsache pansi, manja n'kugwira m'chiuno.

"Madamu, maliro ya amama mukupempha chilolezo? Ise tikungopita. Lolemba bwana akutukwana, ise tikuti pepani, basi yamala. Kutukwana sikupha munthu, madamu."

Ndinamuyankha za malamulo a ntchito ndi za faili. Mumtima ndinkati, uyu angadziwe chiyani, munthu wa giredi ya "sad". Ndikakumbukira zimenezi lero ndimalakalaka kudzitsina.

Lachisanu ndinafika ku ofesi isanakwane seveni, chikwama changa chili ndi zitenje ziwiri ndi mpango wa kumutu. Bwana anafika naini, atameta kale tsitsi ndi ndevu kukonzekera ulendo. Tinayamba. Dzina la gogo uja anandifunsa kawiri, n'kulilemba pa kapepala kuti asaliiwale. Ndime yoyamba yokha inatidyera ola. Ankati "devastated" yachuluka masiku ano, aliyense akakhala akunena yomweyo. Tinayesa "grief-stricken". Anati ikumveka ngati matenda. Tinayesa "inconsolable". Anailawa pakamwa katatu, nati akhoza kukapunthwa nayo pagulu. Teni koloko inakwana tili pa mzere wachisanu.

"Bwana, nthawi ija yakwana."

"Tatsala pang'ono, madam. Ntchito yosamaliza si ntchito."

Kenako anaimirira pa windo n'kuyamba kuyeserera. Ankawerenga mokweza, akufika pena n'kunjenjemeretsa mawu, pena n'kuima kaye akuyang'ana kudenga. "Apa ikani kanyenyezi," anatero. "M'pamene ndidzavule magalasi." Ndinaika kanyenyezi. Bambo wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, akukonza pasadakhale malo okapukutira maso pa maliro a munthu amene dzina lake analilemba pa kapepala! Ndinkamuyang'ana kumsana ndikunyansidwa naye, koma zala zanga zinali pa kiyibodi, zikumvera ngati galu wa pakhomo.

Itadutsa leveni anakhala pansi akukanda dazi. Anati zonse zinali bwino, koma pakati pankasowa mtima. Pankafunika ndime yonena kuti womwalirayo anali munthu wotani, ndipo iye sankadziwa kanthu za iye.

"Lembani chilichonse chokhudza, madam. Azimayi okalamba amafanana."

Ndinkafuna kuti ndizipita, ndipo m'mutu mwanga munali munthu mmodzi yekha. Ndinalemba za mayi amene sankafunsa kuti mwana uyu wabadwa kwa yani asanamupatse chakudya. Ndinalemba za mayi amene chikondi chake chinkabwera ndi kukalipa, amene ankawoloka msewu kukatola wolira. Ndinalemba kuti anali "a mother to those she did not bear", mayi wa ana amene sanawabereke. Ndipo kumapeto, kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito, ndinatulutsa suti ya ukwati ija: "We are heartbroken." Misozi inkagwera pa kiyibodi, ndikuipukuta ndi chala kuti mabatani asaterere.

Bwana anawerenga ndime ija. Kenako anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Excellent! Madam, apa mwalemba. Kanyenyezi kaja kachotseni kuja, mukaike apa."

Ndinangozindikira pomwepo chimene ndachita. Mawu okhawo oona amene ndinalembapo mu ofesi ija, mawu a Amama, ndinawapereka kwa gogo wa eni ake, kuti bwana akavulire magalasi pamaso pa akuluakulu.

Sizinathere pomwepo. Panafunika kusintha kukula kwa zilembo chifukwa maso ake sankaona bwino, kusindikiza makope atatu, ndi kulemba kalata ina yokapereka kwa mkulu uja pamanja. Foni yanga inalira m'chikwama thwelofu koloko. Inaliranso itadutsa wani. Sindinayankhe, chifukwa ndikanati chiyani? Tinamaliza itadutsa wani ndi mphindi makumi awiri. Galimoto ya ofesi inali panja, dalaivala akuipukuta, ndipo msewu wa ku Lilongwe umadutsa pa Uliwa pomwepo. Ndinameza manyazi n'kupempha kuti anditengeko.

"Galimoto ili pa official duty, madam. Zikachitika zina pa msewu ndidzayankha chiyani? Komanso ndidya kaye." Anandipatsa dzanja. "My sympathies."

Ku depoti minibasi inali ndi anthu asanu, kondakitala akulumbira kuti watsala mmodzi. Tinanyamuka thu koloko itakwana, nthawi imene ku Uraha ankanyamula bokosi. Minibasi ija inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongodzikanda m'khwapa. Tinakweza matumba a chinangwa, tinatsitsa mabeseni a usipa, tinadikira bambo wina amene anapita kukatsanzika kwa apongozi ake. Tili chiimire pena pake, galimoto ya ofesi inatidutsa ngati mphepo. Ndinaona dazi la bwana ku mpando wa kumbuyo, litaweramira pa mapepala, akuloweza mawu anga.

Pa Uliwa ndinatsika nthawi itadutsa hafu pasiti fili. Pamalo pamene Amama ankagulitsira mpunga panali miyala inayi yokha yopsinjira lona. Kondakitala wa minibasi ina, mmodzi mwa otukwanidwa aja, anandizindikira.

"Asisi, muchali kuno? Ise tapumula ntchito m'mawa wonse, tinapita kukaona nkhope."

Ndinakwera njinga yamoto yopita ku Uraha. Tisanafike kumudzi tinayamba kukumana ndi anthu akubwerera. Poyamba amuna onyamula makasu ndi mafosholo, miyendo ili mbuu ndi dothi. Kenako amayi a mpingo mu yunifolomu zawo, atapanira mabuku a nyimbo m'khwapa. Ena ankandiyang'ana n'kunong'onezana. Ndinauza wa njinga kuti aime, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi.

Ndinayamba kulira ndili pa njira, monga amachitira wofika pa maliro. Koma kulira kuli ndi nthawi yake. Anthu anali atalira kale masiku awiri, mawu atasasa, ena akutsuka mapoto, ena akumanga katundu. Amayi awiri okalamba anandithandiza pang'ono mwaulemu, kenako analeka, ndipo ndinadzimva ndikulira ndekha pabwalo. Ndinakwawira pa khonde pamene akulu anakhala pa mphasa ndi azimayi ena, mutu atamanga mpango wakuda.

Pa khoma, pamwamba pa mitu yawo, panali msomali. Pa msomalipo panapachikidwa nkhata ya maluwa ofiira, opota pa waya, atayamba kale kufota ndi dzuwa. Panali kapepala komangirira ndi ulusi, kolembedwa nambala 3.

Mayi wina woyandikana nafe ku Uliwa, amene anandidziwa kuyambira tsiku la sutikesi, anandikokera pambali n'kundinong'oneza zimene zinachitika kumanda. Atatha kukwirira, woyendetsa mwambo anayamba kuitana ana kuti aike nkhata. Anaitana woyamba, akulu anaika. Anaitana wachiwiri, anaika. Anaitana wachitatu, wa ku Boma. Palibe anaimirira. Anaitananso. Anthu anatembenuka kuyang'ana ku njira. Wina anauza wachinayi uja kuti angopita, koma iye, yemwe uja ankadandaula za kulandidwa mpando, anakana. Anati Amama anawerenga okha, iye sangadumphe mkulu wake. Anthu anadikira, abusa ataima pa dzuwa, mpaka woyendetsa mwambo anaitana kachitatu. Kenako akulu anatola nkhata ija n'kuibisa m'chitenje chawo, mwambo n'kupitirira.

Ndinabwerera pa mphasa n'kugwada pamaso pa akulu. Ndinayamba kupepesa m'Chitumbuka, chimene anandiphunzitsa iwo eni. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Akanakalipa ngati Amama, kapena kundimenya mbama, ndikanapepukidwa. Anandiyang'ana ndi maso ouma, n'kuyankha m'Chichewa.

"Mwafika, madamu. Mwayenda bwanji?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinali zitapita chilekereni kundiyankhula chinenero chimenecho. Azimayi a pa mphasa anaweramitsa mitu. Ndinayesanso Chitumbuka, koma lilime linakana, ndipo ndinapezeka ndikuyankha m'Chichewa momwemo kuti ndayenda bwino.

"Minibasi inafa pa njira?"

"Ayi."

"Bwana wanu anakumangani chingwe?"

"Ayi, akulu. Kunali ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ndimalemba mawu a chipepeso."

Nkhope yawo inafewa pang'ono, ndipo anayang'ana chikwama changa.

"A Amama? Ali m'chikwamamo?"

"Ayi. A munthu wina, wa ku Lilongwe."

"M'bale wanu?"

"Ayi."

"Mumamudziwa?"

"Ayi."

Akulu anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anachotsa nkhata ija pa msomali, maluwa ena n'kuyoyokera pa mphasa, ndipo anaiika pa miyendo panga ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa mlendo. Anati kumanda sabwererako tsiku lomwelo, ndikaike mawa m'mawa achibale akamapita. Atakhalanso pansi anakonza mpango wawo, n'kundifunsa mwaulemu wonse:

"Nanga munalemba bwino, madamu?"

Ndinayang'ana kapepala ka nambala 3 kaja. Kunama ndinali nditatopa nako.

"Ndinalemba bwino," ndinatero.